Chingwe cha Amalume a Tormod

Edinburgh
9 Novembala 1986

Wokondedwa mlongo wanga Marsaili,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse ku Halifax, iwe, alamu anga a Fergus ndi ana. Chifuwa cha Kirsty chija chinatha? Ine kuno thupi lili bwino.

Unandifunsa mmene maliro a amayi anayendera, ndipo ndinakulembera za nyimbo ndi za mphepo. Chinthu chimodzi ndinachisiya dala. Ndine loya, ndikudziwa kuti kusiya koteroko n'kunama komwe.

Mwambo wa kwathu ku chilumba ukuudziwa: zingwe zisanu ndi zitatu zotsitsira bokosi m'manda, chilichonse ndi mwini wake. Cha kumutu chinali changa monga mwana woyamba. Cha kumiyendo chinali cha amalume a Tormod, amene akhala akuwakumbira amayi dothi losonkhera moto chimwalirire bambo.

Mmawa wa tsikulo kunafika a Gilchrist, wapampando wa chipani chathu. Ndiwo adzagamule ngati ndiimirenso pa chisankho cha aphungu. Pakhomo pa tchalitchi anandinong'oneza kuti anthu akationa tili limodzi kumanda, mphekesera zoti chipani chanditaya zitha. Sanandikakamize. Ndinaganiza mofatsa, kenako ndinauza woyendetsa maliro kuti chingwe cha amalume apatse a Gilchrist.

Amalume anali atavula kale chipewa, atatambasula dzanja. Atamva dzina la mlendo, anabweza dzanjalo m'thumba. Kenako anandifunsa, anthu onse akumva, ngati bwana wangayo akudziwa n'komwe dzina la mayi amene akuwatsitsa. A Gilchrist anayankha okha kuti Mary.

Marsaili, amayi athu a Peigi anatsitsidwa ndi munthu wowatcha Mary.

Pa tiyi titachoka kumanda, azakhali a Seonag anandiuza kuti wigi ya kukhoti ija yandiphika ubongo. Palibe anaseka.

Ndateteza anthu kukhoti zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ku Nyumba ya Malamulo ndayankhulira ambiri. Ndafufuza mfundo yondichepetsera mlandu uwu. Palibe.

Tsopano amalume akudwala, ndipo adokotala akuti n'zokayikitsa kuti afika Pasaka. Ndawalembera kawiri, makalata abwerera osatsegula. Loweruka ndinapitako. Akazi awo anandiuza pakhomo kuti odwala agona, uku ndikuwamva akutsokomola m'kati.

Iwe amakumvera. Usandiikire kumbuyo, ungowauza ichi: ndinawanyoza pagulu, ndikufuna kupepesanso pagulu, pabwalo la tchalitchi, anthu omwe aja alipo. A Gilchrist adzazimva, ndipo mpando wanga mwina uthera pomwepo. Ndawerengera zimenezo.

Akakana, undilembere mawu awo mmene awanenera. Usawafewetse.

Ambuye akusungeni nonse m'chisanu chimenecho. Undiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana.

Ndine mlongo wako,
Torquil