Lipoti Loyamba Ndikadali Nalo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma nkhani ndili nayoyi si yabwino.

Injini yathu yopangira magetsi yatha masabata atatu ili chiimire. Mapiko ake amazungulira m'moto woopsa, n'chifukwa chake amawakuta ndi dothi lowotcha, longa la makapu. Dothilo siligwira pachitsulo palokha. Pakati amapoperapo chitsulo china chopyapyala chomatira ziwirizi. Moto umachidya pang'onopang'ono, dzimbiri n'kumakula mkati, kunja kukuoneka bwinobwino. Likachindikala, dothi limasendeka ngati chigoba cha dzira.

Ntchito yanga ndi kudula kachidutswa ka phiko, kukapukuta, n'kuyeza dzimbirilo pa makina okuza zinthu. Miyezi isanu yapitayo ndinapeza kuti lapitirira muyeso. Ndinayeza katatu, poti mukundidziwa, sindidzikhulupirira msanga. Ndinalemba lipoti loti mapiko achotsedwe.

Amuna anu, amene ndi akulu a gawo lathu, anangoseka. Anati digiri ikundionetsa mizukwa masanasana. Anagogoda phiko limodzi ndi sipanala, monga amachitira amisiri akale, n'kunena kuti likulira bwino. Kenaka anandifunsa ngati ndikukumbukira amene anandipezera ntchito.

Achemwali, ndinalemba lipoti lina lonena kuti mapiko ali bwino, n'kusaina. Palibe anandigwira dzanja.

Dothi linasendekadi. Phiko linapsa, linathyoka, n'kuswa anzake onse. Pamsonkhano alamu anauza mabwana kuti iwo sukulu yawo ndi yochepa, amangodalira mnyamata wophunzirayu. Ankanena zimenezi akundisisita paphewa.

Lolemba ndikaonekera ku komiti yofufuza za ngoziyi. Lipoti loyamba ndikadali nalo, ndipo pakona pali mawu a alamu a cholembera chofiira akuti ndilembenso. Ndikalionetsa, ntchito yawo yatha, mwina ndi yanga yomwe. Ndikalibisa, mlandu wonse ndisenza ndekha, ndipo palibenso amene adzakhulupirire muyeso wanga.

Ndinayamba ndalemba kalata yokufunsani chochita, koma ndinaing'amba. Ndaona kuti kufunsafunsa n'kumene kwandifikitsa pano. Lipotilo ndikalionetsa basi. Ndangofuna kuti mumve kwa ine musanamve kwa iwo, poti iwo nkhani amaidziwa kuikonza.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa ana, ngati mudzawalolabe kunditchula malume.

Ine mlongo wanu wamng'ono