Amayi Anapendekera Kumanzere

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, koma kungoti kwacha, tadzuka.

Mwakhala mukuimba foni kufunsa ngati amayi anagonekedwa kuchipatala chachikulu kuti akawachite opaleshoni ya chotupa chija, ine n'kumangoti netiweki ikuvuta. Netiweki ilibe mlandu, achemwali. Pakamwa panga ndi pamene pakulemera, n'chifukwa chake ndalemba.

Lolemba adokotala a kuchipatala chaching'ono anatitulutsa kuti tipite kwakukuluko. Ndinawakweza amayi pa njinga yanga yamoto, yomwe ndimanyamulira anthu ija. Wodwala akafooka timamumangirira kumsana ndi nsalu kuti asagwe. Mlamu wanu atamanga mfundo pachifuwa panga, amayi anaseka. "Taonani kusintha kwa zinthu! Dzana lomweli ndinkamubereka ndine ameneyu." Ine sindinaseke. Kupepuka kwawo kunandiopsa, thumba la makala limalemera kuposa iwo.

Ndinawauza zomwe ndimauza aliyense wokwera: "Ndikapendekera uku, nanunso pendekerani komweko. Mukalimbana nane tigwa tonse." Anamvera makona onse, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi m'khutu mwangamu.

Titafika pamphambano paja, pomwe kumanja n'kuchipatala chachikulu ndipo kumanzere n'kunyumba, ine ndinapendekera kumanja. Amayi anaponya thupi lonse kumanzere. Mayo ine! Njinga inavina, ndinachita kukhwekhwereza phazi pansi mpaka nsapato kung'ambika.

"Amayi, mukufuna kutipha?" ndinakuwa.

"Sindinalakwitse ayi," anatero mosatekeseka. "Mwana wanga, moyo wanga wonse ndakhala pampando wakumbuyo. Woyendetsa ndi Ambuye. Msewu sindiuona, ndimangoona msana wawo. Atatenga bambo ako ndinapendekera komweko, ngakhale ndinkalira. Tsopano ndikumva m'thupi muno kuti akhotera kwathu. Adokotala aja ananena okha kuti mwina sindingadzuke patebulo la opaleshonilo. Mpeni ndaukana, ndikufuna bedi langa."

Ndinakalipa, ndinachonderera, mpaka ndinatchula dzina lanu, magalimoto akuimba mahutala kumbuyo. Kunena zoona ndikanatha kuwatengera kumanja mokakamiza. Poti anali omangidwa, akanatani? Koma ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga, ndipo malaya anga anali atanyowa paphewa ndi misozi yawo. Ndinakhotera kumanzere.

Kaya ndinamvera Mulungu, kaya ndinangofooka, ine sindikudziwa. Ndikagwada kuti ndipemphere mawu sakutuluka. Pantchito ndikumalambalala mphambano ija, ngakhale okwera akudandaula kuti ndikuwazungulitsa. Mtima ukundiwawa, achemwali. Ngati mukufuna kundikalipira ndikalipireni ndithu, koma mudzandikalipire muli kuno.

Amayi asiya kudya, akungolandira madzi a pasupuni. Abusa anabwera dzulo kudzapemphera nawo. Chitseko chikangolira, amatsegula maso n'kufunsa ngati ndinu.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti musavutike n'kugula mankhwala, mungobwera ndi chithunzi cha adzukulu awo. Ndidzakuchingamirani kudepoti ndi njinga yomweyi, ndipo ndidzathamanga, ndiye mudzagwire zolimba. Tikadzafika pamphambano paja, chonde musadzalimbane nane.

Isafike sabata yamawa, achemwali.

Ndine mchimwene wanu.