Panyanja Palibe Akhwangwala

Lachinayi, 12 Seputembala

Amuna anga aHemant abwera kuntchito mano onse ali pamtunda. Akuti apeza ulendo wa sitima ya pamadzi, kunyamukira ku Mumbai konkuno, masiku atatu panyanja, chakudya chonse momwemo, pamtengo wongotola. Tipite atatu: iwo, ine ndi amayi awo. Matikiti agula kale, aja osabweza ndalama.

Ndinafunsa kuti zatchipa chonchi bwanji. "Manjiri, nkhani ndi kudziwa pofufuza. Anthu ambiri ndi aulesi." Eya. India yense ndi waulesi, wanzeru yekhayo anagwera ine.

Koma ndisaname, mtima ukudumpha. Chikwatiwire, kutali komwe ndinafikako ndi ku Nashik, kumaliro a azakhali awo.

Loweruka, 14 Seputembala

Chinsinsi cha mtengo chadziwika, ndipo sichinafune kompyuta. Apongozi anangoyang'ana kalendala ya kukhitchini. Ulendowu wagwera m'masabata awiri amene ife Ahindu timakumbukira makolo amene anamwalira, pamene munthu sagula ngakhale supuni yatsopano, nanji kupita kokasangalala. Ndiye aulesi aja si aulesi, ali ndi makalendala.

Choipitsitsa, tsiku lodyetsa malemu Bambo, apongozi anga aamuna, ndi pa 24, ife tili pamadzi. Chaka chilichonse amuna anga aH. amaika mpunga pa tsamba la nthochi pakhonde, tonse n'kudikira ndi njala mpaka khwangwala adzajomphe. Akajompha ndiye kuti Bambo adya, nafenso tidye. Akapanda kubwera, ndiye kuti Bambo ali ndi mawu.

Amayi, apongozi angawo, sanakalipe. Anangoti, "Hemant, bambo ako agone ndi njala chifukwa cha zotchipa?"

"Amayi, ndikonza."

Mawu omwewo anawanenera mpope wa kubafa.

Lachiwiri, 17 Seputembala

Mlamu wanga Vaishali waimba foni kanayi. "Achimwene, anthu adzati chiyani?" Anthu ake ndi iyeyo. Chamupweteka n'choti sanaitanidwe.

AH. anapita kwa wansembe ndi bokosi la maswiti, n'kubwerako ndi chilolezo: mwambo ungachitikire kulikonse, bola mpunga uikidwe ndi dzanja la mwana wamwamuna ndipo khwangwala adye. AH. akuti pa 24 sitima idzaima ku Goa, ndipo ku Goa akhwangwala ndi ochita kupirikitsa. Amayi avomera. M'chikwama mwawo mwalowa mpunga, chitowe chakuda ndi masamba a nthochi. Masari, nsalu zathu zovala zija, angotenga awiri, onse otuwa.

Lachisanu, 20 Seputembala

Chipewa cha dzuwa ndabwereka kwa aneba, poti kugula n'koletsedwa. Kukwera sitima ndiye kololedwa.

Lamlungu, 22 Seputembala

Takwera. Chipinda chathu chili pansi penipeni, chopanda zenera, koma anatiganizira: pakhoma anapachika chithunzi cha nyanja. Mabedi atatu, munthu akafuna kutembenuka ayambe wapempha. AH. akuti zili bwino, kuwala kumawononga tulo.

Theka la sitima ndi lopanda anthu. Muli mabanja achikhirisitu ndi achisilamu, amene kalendala yathu siiwakhudza, kenako timagulu ta anzeru ngati amuna anga. Awa amadziwana. Akakumana pa makwerero aliyense amayang'ana nsapato zake.

Nyanja yokhayo ndilibe nayo mawu. Ndinaima pamwamba mpaka chipewa cha eni chitatsala pang'ono kuuluka. Palibe wondiitana kuti tiyi, palibe poto wondidikira. Ndinalira pang'ono, ndinati ndi mphepo.

Lolemba, 23 Seputembala

Sitikupita ku Goa.

AH. anakafunsa kuti mawa tifika nthawi yanji, mayi wa pa tebulo la alendo n'kuwayankha mokoma kuti ulendo wathuwu suima paliponse. Sitima imangopita pakati pa nyanja, kuzungulira, n'kubwerera ku Mumbai pa 25. Wa ku Goa ndi wina, wodula uja. Chithunzi cha migwalangwa chotsatsira malonda chinali chimodzi pa maulendo onse awiri, katswiri wofufuza anathera pa chithunzi.

Masana onse aH. akhala akuzungulira pamwamba, khosi lili m'mwamba. Taona mbalame ziwiri zokha, zoyera. "Manjiri, yoyera singachite?" Ndinati aipake polishi wa nsapato. Sanaseke, ndipo nanenso ndinachita manyazi. Munthuyu bambo ake ankawaopa ali moyo, pano akuwaopa koposa.

Amayi atamva anangoti "Oo," n'kupitiriza kusenda lalanje. Ndikanakonda akanatukwana. Mawa zikalephereka, nkhaniyi tidzadya nayo mpaka kufa, ndipo mlandu udzapeza njira yofikira kwa ine amene ndinasangalala.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Ndinachonderera akukhitchini, anatiphikira mpunga wa Amayi. Dzuwa lili pamutu tinapita kumbuyo kwa sitima. AH. atavala nsalu yawo yoyera anaika tsamba pansi, n'kulitsindira ndi makapu kuti lisauluke, anawaza chitowe, kenako anayamba kuitana monga amachitira pakhonde kunyumba. "Kaa! Kaa!" Bambo wamkulu, wa ku banki, kuitana khwangwala pakati pa nyanja. Mlendo wina anatulutsa foni kuti ajambule, ndinangomuyang'ana, anaibweza m'thumba.

Tinadikira. Mpunga unazizira, unauma pamwamba. Kumwamba kuli mbee. Mawu a aH. anasasa, kenako anakhala pansi n'kubisa nkhope. "Amayi, ndikhululukireni. Bambo sadya chifukwa cha ine."

Amayi anayang'ana mpungawo, kenako anati:

"Dzuka, Hemant. Bambo ako anayamba liti kubwera pa nthawi ya chakudya? Ukwati wonse ndinkakhala pafupi ndi chitseko, mbale yovundikira, m'mimba mukulira, chifukwa mkazi sadya mwamuna asanadye. Masiku ena ankafika atadya kale kwina, osanena n'komwe."

Sindinawamvepo akunena zimenezi.

Amayi anatenga mbale, n'kuvundikira mpunga uja bwinobwino, monga anazolowera.

"Akabwera apeza. Ine lero sindidikira."

Anandigwira mkono. "Tiye, mwanawe. Ndinaona ayisikilimu wa mango uko, ndipo akuti ukhoza kubwereza."

Tinasiya aH. akulondera mbale. Amayi anakhala pampando wa pazenera, anatenga supuni, ndipo sanayang'ane kukhomo.