Khoma la mbale zosweka ku Kanyama

Amayi anga,

Kaya mukudzuka bwanji uko munapitako? Ife kuno ku Kanyama tilipo. Mlongo wanga Misozi anabereka mwana wamkazi, watenga mphumi yanu ndi kukuwa kwanu komwe. Maungu munasiya kuseri kwa nyumba aja abereka mpaka tagawira aneba. Mvula yokha ndiyo sinasinthe khalidwe. Madzi analowanso m'nyumba kufika m'mawondo, khandalo tinaligoneka patebulo ngati tomato wa pamsika.

Ndikuzungulira chabe, Amayi. Nkhani ndi yakuti nyumba yanu tikuigwetsa Loweruka.

Musakwiye msanga. Sukulu ya zomangamanga munaivutikira pokazinga vitumbuwa ija yabala zipatso. Ndajambula pakompyuta nyumba yokhala pamwamba pa mizati, kuti madzi azidutsa pansi. Denga lizikolola mvula kuthira m'thanki, magetsi azichokera kudzuwa, ndipo mabuloko ake ndi obowola kuti mphepo izilowa. Mdzukulu wanu sadzagonanso patebulo.

Chikundisowetsa tulo ndi khoma lanu lakutsogolo. Mbale ikasweka simunkataya, zidutswa munkazimata m'simenti mpaka khoma lonse linadzaza maluwa ndi mbalame. Munkati, "Mbale ikapwanyika siinafe, yasintha chabe nchito." Ine ndinalijambula ndi foni, kompyuta n'kukopera maluwawo kuti makina akawadinde pamabuloko atsopano. Koma mizere yanu yokhotakhota ija ndinaiwongola yonse, mbalame ya phiko limodzi lalifupi ndinailinganiza. Ndinkayesa ndikukuthandizani.

Misozi atayang'ana chithunzicho anangoti, "Ba Dalitso, ni vabwino maningi, koma bamai sibalimo umu."

Manyazi anandigwira. Ndinakumbuka tsiku lija ndinakubweretserani chingwe choyezera kuti maluwa afanane, inu n'kundithamangitsa ndi chikolopa mukuseka. Munati, "Mzere wowongoka ni wa kumanda, ise tikali moyo." Ndipo ndine ndemwe ndinajambula mwala wa pamanda anu, wowongoka bwinobwino. Tsopano ndinatsala pang'ono kukuikani kachiwiri, pakhoma la nyumba yanu yomwe. Zikundipweteka, Amayi.

Nyumbayo singapulumuke, maziko anadyeka ndi madzi. Koma omanga ndawauza kuti nyundo yawo isakhudze khomalo ndisanamalize. Ndidzazula ndekha chidutswa chilichonse ndi tchizulo, ngakhale cha mbale ya buluu ija munkadyetseramo atate akudwala. Pakhoma latsopano ndasiya malo opanda chodinda cha makina, ndidzamata zidutswazo pamenepo ndi manja.

Ndikulonjeza kuti chingwe choyezera chidzatsala m'thumba. Koma maluwawo akawongokabe, mundikhululukire. Dzanja langali linapita kusukulu, kukhotetsa kwanu kuja silinaphunzire.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dalitso