Ndinanama kuti mwana wanga anali ku Malawi

Aphungu,

Ndine namwino, ndipo ndatha zaka makumi awiri ndikusamalira odwala a dziko lino, msonkho akundidula mwezi ndi mwezi. Mwana wanga Terence, wobadwira konkuno, anamutsekera milungu isanu ndi itatu chifukwa choyendetsa galimoto atamulanda laisensi. Sanagunde munthu, ngakhale mphaka. Potuluka anapeza ntchito yake yonyamula katundu yapita.

Kutchalitchi ndinkanena kuti wapita ku Malawi kukaona agogo ake. Anthu athu mumawadziwa, pakamwa sipatsekeka. Ndinafika pogula chitenje ku Leeds n'kukapatsa amayi abusa, ati mphatso yochokera kumudzi.

Tsiku lokapempha thandizo la anthu osowa ntchito ndinamuperekeza ku ofesi ya boma. Wa pa ofesipo anafunsa komwe mwanayu anali miyezi iwiriyo. Kumbuyo kwathu kunakhala mayi Mumba a m'kwaya yathu, makutu ali tcheru. Ndinamulanda mawu Terence: "Ku Malawi." Tsopano a ku ofesiko akufuna tikiti ya ndege ndi chidindo cha m'pasipoti, thandizo aliimika, ndipo mwini nyumba wamuuza kuti mwezi ukatha atuluke.

M'basi pobwerera ku ofesi kuja Terence anangoti, "Amayi, ndende sinandichititse manyazi ngati inu." Kuyambira tsikulo foni yanga sayankha. Mtima ukundiwawa. Kodi wolowapo m'ndende amapatsidwa thandizoli, kapena msonkho wanga wonsewu ndinkadyetsa ana a eni?

A.C., Wakefield

Mayi A.C.,

Pepani, koma chala mukulozera ofesicho chitembenuzeni. Kawirikawiri thandizoli limaima munthu akakhala m'ndende, koma akatuluka amatha kupemphanso. Ngati Terence ali ndi unzika wa kuno, mlandu ngati wakewo paokha sumutsekera khomo. Chatseka khomo ndi ulendo womwe sunachitike.

Apite msanga ndi pepala lomwe anamupatsa potuluka m'ndende, akakonze yankho lija. Ayambe wadzera kwa alangizi aulere a m'tauni mwanumo, amuunikire za nyumbayo mwezi usanathe. Poti foni sayankha, kagogodeni pakhomo pake mumupepese. Ku ofesiko inu musapite, ali ndi pakamwa pake.

Ndipo musayerekeze kusaka chidindo chabodza, chifukwa imeneyo ndi ndende ya zaka, osati milungu. Mayi Mumba adzakunenani sabata imodzi n'kupeza wina. Inu mwafunditsa amayi abusa chitenje, mwana wanu ali pambalambanda.

Aphungu