Ndinakuonani pa Kanema ku Makhuwira

Amayi, kaya kumene muliko kumatenthanso ngati kuno? Ife tilipo.

Mpongozi wanu Esitere anachira bwinobwino mwezi wa mango, ndi mwana wamkazi, wolira ngati wamulipira. Mapira tinakolola okwanira, koma thonje mbozi zinatithera. Ndakatulo yanga ina anaiwerenga pa wailesi, ngakhale anachotsamo ndime imodzi osandiuza. Sindinafunse, masiku ano munthu safunsa. Ndinangokumbukira mawu anu aja akuti, "Zolembalemba zakozi, kodi zimadyedwa?"

Koma chimene ndakulemberani n'china. Mukukumbukira chaka chimene anthu a kanema anabwera kudzajambula filimu yophunzitsa ulimi wa thonje? Ankafuna mlimi wakhama ndi mlimi waulesi. Mudzi wonse unkalimbirana kukhala wakhama, zaulesizo aliyense anakana. Inu munavomera, munati, "Alendo achokera kutali awa, asabwerere chimanjamanja." Inu amene munkafika kumunda anzanu asanayatse moto! Anakugonekani pansi pa mtengo wa masawu, khasu lili poteropo.

Ine nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba uphunzitsi, ndikudzitcha mlembi. Mayina a akatswiri a m'mafilimu akunja amene ndinkaonera ku Blantyre ndinkawatchula ngati a azibale anga, mpaka kuyenda ngati iwo. Koma filimu ya amayi anga itafika pabwalo la sukulu, ndinanama kuti ndadwala malungo. Ndinachita nanu manyazi, Amayi. Munadziwa, koma munandiphikirabe phala.

Chithunzi chanu chimodzi chija chinapita ndi madzi osefukira. Chiikireni maliro anu nkhope yanu yakhala ikuzimiririka m'mutu mwanga, ndipo zimenezi zinandichititsa mantha kwambiri. Choncho nditamva kuti galimoto ya kanema ili ku Makhuwira, ndinapalasa njinga. Bambo woonetsa mafilimuwo anati ya thonje ija inatha ntchito, imangodukaduka, akukaibweza. Ndinawachonderera mpaka anaiika itatha ya msonkhano wa chipani.

Munatuluka pa chinsalu, Amayi, mutavala chitenje chanu chamadontho chija, mukuliza mkonono wabodza. Anthu anafa nacho chiseko. Ojambula aja ankakuuzani kuti musayang'ane makina awo, mwana wa mchemwali wanu anandiuza zimenezo kalekale. Koma inu mungaleke bwanji mlendo akukuyandikirani? Munadzuka, kukonza duku, kuyang'ana kuno, n'kuwomba m'manja kupereka moni. Akatswiri anga akunja aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'anapo chotero.

Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji. Ndinangozimva ndikuyankha mokweza kuti, "Tili bwino, Amayi, kaya inu?" Amene anali pafupi nane anasiya kuseka. Kenako filimu inaduka, chinsalu n'kungoti mbee.

Ndakusowani, ndipo ndikupepesa chifukwa cha malungo abodza aja. Bambo aja akuti ailumikiza, Loweruka akaonetsa komaliza ku Makhanga. Msewu ukadzaza madzi ndikwera bwato, koma ndikafika. Ndikakhala kutsogolo kwenikweni, ndipo akayamba kuseka ndikaimirira n'kuwauza kuti amenewo ndi amayi anga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Antonyo