Chilonda cha Amayi ndi Maphunziro Anu

Okondedwa achemwali a Tadala,

Ndikhulupirira muli bwino kusukulu kumeneko. Kuno tonse tili bwino, kupatula amayi, amene chilonda cha pamwendo chija sichikupolabe.

Lachiwiri ndinapita nawo kuchipatala ku boma. Adokotala anati tizilombo ta m'chilondamo tinazolowera makapisozi amene takhala tikugula pagolosale, n'chifukwa chake sakugwiranso ntchito. Anatipatsa mankhwala ena, ndipo anatiletsa kumagula tokha.

Pobwerera, amayi anandifunsa kuti, "Kodi si zomwezi akuphunzira Tadala?" Ndinawafotokozera monga munandiuzira muja, kuti mumaphatikiza mankhwala opha tizilombo ndi zitsulo zosowa, zonga zimene akatswiri ankafufuza m'mapiri a kuno ku Thambani, kuti muone ngati mphamvu yake ingawonjezeke. Ndinawauzanso kuti pakadali pano mukungoyesera m'timbale, osati pa anthu.

Atamva zimenezi, amayi anati, "Umuuze asapupulume chifukwa cha ine. Mwendo wanga upola ndi mankhwala omwewa. Iyeyo apangire adzukulu anga."

Mawu amenewa sakundichoka m'mutu. Chonde muwaimbire foni Lamlungu, akufuna kumva mawu anu. Mulungu akusungeni ndipo adalitse ntchito yanuyo.

Ndine mlongo wanu,
Yamikani